Nyimbo Yotsimphina ya ku Brazil

Sidi ija inalowa m'nyumba mwathu ku Lozells, mu Birmingham, tsiku Loweruka masana, ili m'chikwama cha mwana wathu wamkazi pamodzi ndi anyezi ndi sopo. Ndinali nditangoweruka kuchipatala, mapazi atatupa, ndikutsuka mbale zimene anthu awiri akuluakulu anadyera m'mawa n'kuzisiya ngati m'nyumbamo muli wantchito. Mwanayo anaika sidiyo mu wailesi ya pamwamba pa filiji, nandiuza m'Chingerezi, monga mwa chizolowezi chake, kuti ndimvetsere bwino chifukwa amenewa ndiwo adzaimbe pa ukwati wake.

Ukwati unali utatsala miyezi inayi. Wodzamukwatirayo anali mnyamata wa ku Brazil, wophika mu lesitilanti ina ku Sparkhill, waulemu ndithu koma wosalangizidwa za kwathu. Tsiku loyamba kufika pakhomo anandikumbatira n'kundipsompsona patsaya, ine mpongozi wake, ndipo ndinatha sabata yathunthu ndikufotokozera anzanga kuwodi za ngoziyo. Mkulu wake anali ndi bandi kwawoko, ndipo bandiyo inali kubwera ku Mangalande nyengo yotentha kudzaimba m'malo angapo. Mphatso yawo kwa akwati inali yakuti adzaimba pa madyerero.

Nyimbo inayamba bwino, sindinganame. Zitoliro ziwiri za bango zinatsogola, zonga zimene amaimba oweta ng'ombe kudambo. Kenako kunabwera kena kolira ngati kaligo, kenako ng'oma yakuya yogunda m'mimba, ndi kachitsulo kolira ngwe ngwe ngwe pamwamba pake. Chiuno changa chinavomera chokha ndisanachifunse, manja ali m'thovu. Ndiye mwadzidzidzi gitala yamagetsi inakuwa ngati chigayo chimene changoyatsidwa kumene, kibodi n'kuyamba kuthamangira uku ndi uku, ndipo phazi langa, limene lavina maukwati osawerengeka kuyambira ku Ntcheu mpaka ku Wolverhampton, linaponda pamalo popanda kanthu. Ndinayesanso, linaphonyanso. Ndinamaliza mbale, ndinakwecha mapoto, ndinapukuta chitofu, nyimbo ikadali yomweyo.

"Kodi imeneyi idzatha chaka chino?" ndinafunsa.

"Mum, it's only fourteen minutes," anatero akuseka. Anandifotokozera kuti mtundu umenewu azungu amautcha progressive rock, nyimbo zazitali zosinthasintha panjira, koma alamu akewo anaziphatikiza ndi magule a kumidzi ya kwawo, kumpoto kwa Brazil. Ndinamuuza kuti chimene aphatikizacho akanachisiya kwawo komweko.

Koma chimene chinkandidya mtima masiku amenewo sichinali gitala. Chinali pabalaza, pampando wa pawindo, pamene amuna anga ankakhala tsiku lonse ndodo ili pakati pa miyendo. Anagwidwa ndi sitiroko zaka ziwiri m'mbuyomo, ali pantchito kuweyahausi, kosungira katundu. Kulankhula kunabwerera, dzanja linabwerera pang'ono, koma mwendo wamanzere unatsala wokoka. Bambo amenewa ndinawaona koyamba akutsogolera mganda kwawo ku Dowa, kabudula woyera, masokosi ofika m'mawondo, kampango m'manja, mpaka ndinaiwala kuti kumeneko ndinapitira kukaona wodwala. Kuno ku Birmingham kunalibe ukwati wa Amalawi umene unkatha iwo osaitanidwa pakati. Tsopano anali atalamula, ndipo analamula kamodzi kokha: pa ukwati wa mwana wawo adzalowa m'holo anthu asanafike, adzakhala pampando, ndipo sadzadzukapo.

Kwathu makolo a mkwatibwi salowa m'holo mozemba. Amaitanidwa, nyimbo imalira, amalowa akuvina, abale ndi anansi ali pambuyo, kuti aliyense aone amene anabala ndi kulera. Mwana tinali naye mmodzi yekhayo. Ndikaganiza zodzalowa ndekha ngati mayi wamasiye, amuna anga ali moyo ndipo akundiyang'ana ali pampando, zinkandiwawa kwambiri. Ndinawachonderera, ndinawakalipira, ndinatuma abusa. Yankho linali limodzi.

"Mayi, anthu amandidziwa ndikuvina. Asandione ndikukwawa."

Za masitepe a operekeza akwati zinali m'manja mwa nesi mnzanga wa ku Chipata, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene ankatha kufoletsa atsikana asanu ndi mmodzi ndi anyamata awo ngati asilikali. Tinkakumana Loweruka lililonse masana mu holo ya tchalitchi, ena atavala mayunifomu mkati mwa majekete chifukwa shifiti ikuwadikira. Mwana wathu anaumirira kuti gulu lonse lidzalowe ndi nyimbo ya alamu ake. Mnzangayo anati palibe chovuta, iye waphunzitsapo masitepe ndi nyimbo za ku Congo, za ku Joni, ngakhale za kwaya.

Loweruka loyamba lomwe zinthu zinathina. Masitepe athu amayenda anayi anayi: kumanja, kumanzere, kutsogolo, kutembenuka. Poyambirira zonse zinkaoneka bwino, koma akangoyenda pang'ono, mzere wonse unkapezeka kuti ng'oma yausiya. Wina waponda mnzake, wina watembenuka yekha. Mnzangayo anazimitsa wailesi, natulutsa sidi, naiyang'anitsitsa pawindo.

"Iyi sidi ijumpa," anatero. "Yakalika. Mvelani bwino, pali pamene idya sitepe imodzi."

Tonse tinavomereza, chifukwa tinkamvadi kuti pena pake pakusowa kanthu. Anaiuzira mpweya n'kuipukuta ndi chitenje. Sizinathandize. Mayi wina wa ku Mulanje anati ya mwana wake inachira ndi mankhwala otsukira mano, ndipo Loweruka lotsatira tinaipaka, tinaitsuka, tinaiyanika pawindo. Inadumphabe pamalo omwewo. Tinaimba mlandu wailesi ya tchalitchi, wina n'kubweretsa yake pa basi kuchokera ku Handsworth, ataikulunga m'thumba la zinyalala kuopa mvula. Manesi asanu, anthu oti timawerenga kugunda kwa mtima tsiku ndi tsiku, tinatha masabata atatu tikuchiza sidi yopanda matenda.

Amene anatimasula ndi mkamwini. Anabwera kudzatenga bwenzi lake, napeza tazungulira sidi ija ngati madokotala pabedi la wodwala. Atamva nkhani yonse anaseka mpaka anakhala pansi, kenako anakumbukira kuti apongozi alipo nadzuka msangamsanga. Anati sidi ili bwinobwino. Mkulu wake anaipanga dala nyimboyo kuti kugunda kwake kuziyenda kasanu ndi kawiri, osati kasanu ndi katatu monga tinazolowera ife. Anawomba m'manja kutionetsa: ziwiri, ziwiri, zitatu. Ziwiri, ziwiri, zitatu.

"Dala?" ndinatero, ndikuyang'ana mwana wanga chifukwa mkamwini sayang'anidwa m'maso. "Munthu wamutu wake n'kuchotsa sitepe imodzi dala? Anaipititsa kuti?"

Tsiku lomwelo komiti ya amayi yokonza ukwati inagamula kuti tidzalowa ndi nyimbo zathu za kumudzi, ndipo alendo a ku Brazil adzaimba anthu akudya. M'basi mwana wathu anangoyang'ana kuwindo njira yonse, ndipo titalowa m'nyumba anandiuza kuti ine ndikukonza ukwati wanga, osati wake, komanso kuti anthu owoloka nyanja ndi ng'oma zawo si oti aziimbira anthu akutafuna nkhuku. Ndinamuyankha zambiri zimene sindingazilembe pano. Bambo ake anamva zonse ali pampando wawo, osaikapo mlomo.

Oimbawo anafika mu Julaye, amuna asanu ndi mkazi mmodzi woimba kaligo uja, nagona mothithikana m'kachipinda ka mkamwini pamwamba pa shopu ya nsalu. Ngakhale ndinali ndi kamkwiyo, sindikanalola alendo a mwana wanga kuti azidya za m'mapepala, choncho ndinawaitana kudzadya nkhomaliro Lamulungu titaweruka kutchalitchi. Ndinkayembekezera anthu oopsa, ndipo tsitsi analidi nalo, wa gitala lake linkafika m'chiuno. Koma anavula nsapato pakhomo osauzidwa, ndipo ataona chinangwa chophika patebulo anafuula ngati aona m'bale wawo. Anachidya chonse, nyemba n'kupala ndi mphika womwe, mpunga wanga wa alendo n'kuusiya. Chingerezi ankachidziwa pang'ono chabe, koma tinacheza ndithu, mkamwini akumasulira uku akutafuna.

Mkulu wake wa mkamwini, mwini bandi, ndiye anali wang'oma: bambo wonenepa wa ndevu za imvi, wosalankhulalankhula. Ng'oma yake inali yaikulu koma yophwatalala, yokoleka paphewa ndi lamba. Pamwamba ankaimenya ndi kachibonga kokulunga nsalu, pansi ndi kamtengo kowonda. Sankaisiya kulikonse, moti anabwera nayo ngakhale kunkhomaliroko. Titatha kudya tinatulukira kuseri, m'kabwalo kathu kongokwana zingwe ziwiri zoyanikapo zovala ndi mabini. Dzuwa linali litatuluka tsiku limenelo, ndipo aneba athu a ku Jamaica anali atatsamira kale pampanda.

Amuna anga anatsalira m'nyumba, kenako anaganiza zotitsatira. Kuchokera pakhomo la kukhitchini kufika pampando umene tinawaikira panali pafupi. Anayamba: phazi labwino, ndodo, kenako mwendo wokoka uja, umene umafika nthawi yake. Ndinamva ng'oma ikugunda chapansipansi. Wandevu uja maso ake anali pa mapazi a amuna anga, dzanja likutsata: gu, gu, guuu. Phazi, ndodo, mwendo. Amuna anga anaima, ng'oma inaima. Anayambanso, inayambanso.

Ndinapsa mtima kwambiri. Munthu wadya chinangwa changa, n'kumayerekeza wodwala wanga pakhomo panga! Za ulemu wa apongozi ndinaziiwaliratu, mkamwini ndinamuyang'ana m'maso gwa.

"Akamwini, auzeni abale anuwa kuti pano si pasewero. Anyamule ching'oma chawocho."

Mkamwini anatuwa, nalankhula mwachangu m'Chipwitikizi. Wandevu anadzidzimuka, anaika dzanja pamtima, nayankha motalika, akuloza mapazi a amuna anga. Mkamwini anandimasulira.

"Akuti pepani kwambiri, sakuseka ayi. Akuti anzake a m'bandi omwewa zinawatengera miyezi kuti aphunzire kuyenda mu seveni. Koma bambo akuyenda mu seveni ndendende, osaphonya. Akuti pabwalo pano ndi okhawo amene akuyendera limodzi ndi ng'oma."

Ndinayang'ana amuna anga, ndikudikira kuti aphulike. Anafika pampando, anakhala, anaika ndodo pakati pa miyendo, nayang'ana kumwamba ngati akuona ngati kugwe mvula.

"Ine ndinazimva tsiku loyamba lomwe lija kukhitchini," anatero. "Inu muli kalikiliki kutsuka sidi ndi mankhwala a mano."

"Nanga osanena bwanji?"

"Munandifunsa?"

Mwana wathu anaseka mpaka anagwira chingwe choyanikapo zovala. Wandevu sanamve mawu koma anaona kuti mlandu watha, nayambanso ng'oma. Oimba zitoliro anazisolola m'matumba a malaya, mayi wa kaligo anathamangira m'nyumba kukatenga chake. Wa gitala analibe magetsi kuseriko, ndiye mbali yake ankaiimba ndi pakamwa, nkhope itakwinyika ngati dzino likumuwawa. Amuna anga ankagogoda simenti ndi ndodo, osaphonya ngakhale pamene nyimbo inkasintha mwadzidzidzi.

Ine sindinaseke kwambiri. Ndinali kuganiza za zaka ziwiri zimene ndinakhala ndikuwayendetsa m'kanjira ka m'nyumba mwathu, ndikuwerenga mokweza ngati ndili kuwodi: wani, thu, wani, thu, wongolani mwendo, bambo, musakoke, fulumirani. Ndinkafuna ayende monga ankayendera kale, ndipo tsiku lililonse ndinkangowaonetsa kuti akulephera. Ndinachita manyazi kwambiri, moti ndinalowa kukhitchini kukatsuka mbale zimene zikanatha kudikira.

Mkati mwa sabata mnzanga wa ku Chipata anabwera yekha kunyumba, nagwada pafupi ndi mpando wa pawindo.

"Atate, tithandizeniko. Ine masitepe niziba, koma iyi seveni yanikanga."

Anavomera, koma ndi lamulo: adzaphunzitsa ali pampando, ndipo za kuvina pa tsiku la ukwati tisazitchule n'komwe. Komiti inasintha chigamulo chake mwakachetechete, ngati sinagamulepo kanthu.

Sindinaonepo mphunzitsi waukali chotero. Ankakhala pakati pa holo ya tchalitchi, bandi yonse ili kumbuyo kwawo, ndodo ikugunda pansi. Ana obadwira kuno, amene kunyumba sayankha ngakhale uwaitane katatu, ankaima chilili ngati asilikali paperete.

"Iwe wa malaya ofiira, ukuthamangira kuti? Basi yakusiya? Sitepe yachitatu ndi yaitali, khalapo pang'ono, uimve kukoma!"

Mnzanga anapanga masitepe atsopano: kumanja, kumanzere, kenako kutsetsereka pang'onopang'ono phewa litagwa. Anali okongola kuposa akale aja, ngakhale sindinavomere pagulu. Gitala ikayamba kukuwa mzere unkagawika pawiri, anyamata n'kumazungulira atsikana, ndipo zitoliro zikabwerera aliyense ankabwerera pamalo pake.

Tsiku lina ndinatuma mwana wanga kuti akafunse mawu a nyimboyo akuti chiyani. Anabwera ndi yankho lakuti kumidzi ya kwawo munthu akamanga nyumba yatsopano amaphika chakudya n'kuitana anansi, ndipo iwo amavina m'nyumbamo, akupondaponda dothi la pansi mpaka litalimba. Nyimbo yonse ija, zitoliro zake ndi phokoso lake, inali yongoitana anthu kuti abwere adzaponde. Ndinati zimenezo ndiye ndikuzimva, n'chimodzimodzi kuitana anthu kudzalima dima. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuimvera ndekha m'mawa ndikuvala yunifomu, wailesi nditaitsitsa kuti mwana asadziwe.

Amuna anga ndi wandevu anagwirizana ngati anakulira mudzi umodzi. Nthawi yopuma ankakhala moyandikana, wina akulankhula Chichewa, wina Chipwitikizi, akugogoda m'mawondo, n'kumatsutsana kwenikweni. Tsiku lina amuna anga anamuimbira patebulo kagundidwe ka ng'oma ya mganda, ndipo sabata yotsatira tinakamva kataikidwa pakati pa nyimbo ija, imene tsopano inatalikiranso. Kawiri konse ndinawaona atadzuka pampando ndi ukali kuti aonetse mnyamata wina wouma thupi mmene phewa limagwera, kenako n'kuzindikira kuti aimirira, n'kukhalanso msanga. Ndinkayang'ana kumbali dala.

Kutatsala sabata imodzi, bandi inali ndi zoimba masana pa paki ina kummwera kwa mzinda, ndipo anatiitana. Amuna anga anakana, anati kukhala anthu ambiri. Tinapita amayi asanu ndi atatu, n'kusintha basi panjira, titanyamula zitenje ndi mandasi. Kumeneko ndinaona eni ake a nyimbo zoterezi: azungu aamuna a msinkhu wanga, ndevu, malaya akuda, ataima manja atapinda pachifuwa, maso ali tsinzinu, akugwedeza mutu pang'onopang'ono ngati akumva ulaliki wovuta. Panalibe ndi mmodzi yemwe wosuntha phazi. Nyimbo ikatha ankawomba m'manja mwaulemu, n'kuyamba kufotokozerana za zingwe za gitala.

Tinapirira nyimbo ziwiri. Itayamba yathu ija, mnzanga wa ku Chipata anamanga chitenje m'chiuno nati, "Ine sininabwele ku malilo." Tinafola pa udzu kutsogolo kwa siteji, amayi asanu ndi atatu odya bwino, n'kuyamba: kumanja, kumanzere, kutsetsereka. Azungu anatsegula maso. Wina anayamba kuwerenga ndi zala kuti aone ngati tikulondola, ndipo atapeza kuti tikulondola anavula chipewa. Mayi wa kaligo anatsika akuimbabe nalowa mu mzere wathu, ndipo mnzanga anakwera pa siteji kukapukuta thukuta la wandevu ndi nsonga ya chitenje, monga timachitira ndi wang'oma amene watikhutiritsa. Mlonda wa pa siteji sanadziwe ngati amugwire kapena amusiye. Ndinaseka tsiku limenelo mpaka nthiti kuwawa, koma pobwerera m'basi kuseka kunandithera, chifukwa amene anatiphunzitsa zonsezo anali okha kunyumba akuonera mpira.

Lachisanu, ukwati uli mawa, ndikusita malaya awo, ndinayesa komaliza.

"Bambo, mawa..."

"Ndinanena kale, mayi. Kuphunzitsa ndi kwina, kuonetsedwa ndi kwina."

Madyerero anachitikira ku Foleshill, mu Coventry, m'holo ina pafupi ndi mashopu, chifukwa ndi yokhayo imene inalola ng'oma ndi mapoto athu. Anthu anabwera kuchokera ku Leicester, ku Luton, ena mpaka ku Manchester, atasinthanitsa mashifiti mwezi wathunthu kuti apezeke. Amuna anga anachita monga ananenera. Analowa holo ikadali yopanda anthu, nakhala kutebulo la akwati, suti yakuda, ndodo pambali. Mwa mwambo makolo ndiwo amayamba kulowa, koma ndinapempha woyendetsa mwambo kuti atiike kumapeto, poti ndinkangozengereza. Operekeza akwati analowa bwino kwambiri, osaphonya ndi mmodzi yemwe, ndipo amayi a ku Mulanje anaimba nthungululu mpaka wa gitala anacheuka kuganiza kuti chipangizo chake chapsa. Akwati nawo analowa, nakakhala pamalo pawo.

Kenako ndinamva pa maikolofoni: "Tsopano tiwalandire mayi a mkwatibwi!"

Mayi okha. Ndinaima pakhomo, chilundu chatsopano, duku lalitali, kumbuyo kwanga gulu la amayi, mnzanga wa ku Chipata ali pakhutu panga. Zitoliro zinayamba. Ndinayang'ana kutsogolo, ndipo kumapeto kwa holo yaitaliyo ndinaona amuna anga atakhala, manja patebulo. Zonse zimene ndinaphunzira zinathawa m'mutu. Mapazi anabwerera ku zinayi zinayi za ku Ntcheu. Ndinaponda ng'oma isanagunde, ndinatembenuka pamene ena akutsetsereka, amayi a kumbuyo n'kuyamba kugundana, wina duku kugwa. Mpaka lero amuna anga amati ndinachita dala. Sindinachite dala. Ndinkalira, ndipo sindinkaona bwino.

Ndinamva ndodo ikugunda patebulo kutsogolo uko, mwaukali, kundikumbutsa poponda. Ndinaphonyabe. Kenako kugundako kunasiya, ndipo phokoso la m'holo linasintha. Amuna anga anali ataimirira. Anazungulira tebulo, mkamwini anatambasula dzanja koma iwo sanaligwire, nayamba kubwera kwa ine pakati pa matebulo, nkhope ili yolusa ngati akudzalanga mwana wa sukulu. Wandevu anawaona. Anakweza dzanja, anzake onse analeka, kunatsala ng'oma yokha. Phazi, ndodo, mwendo. Phazi, ndodo, mwendo. Pofika pakati pa holo phewa linali litayamba kugwa pa sitepe yachitatu, mutu utapendekeka pang'ono, ndipo sindikudziwa ngati eni ake ankadziwa. Anthu ndiye anadziwa. Anakwera pamipando, malikhweru ndi nthungululu. Gitala inalowa ndi mphamvu zake zonse, ndipo tsiku limenelo ndinaikonda. Mwana wathu anali ataimirira akufuula, "Dad! Dad!", zopakapaka zikuyenderera m'masaya.

Motero bambo a mkwatibwi anavina kulowa kwawo chobwerera, kuchokera kutebulo la akwati kupita kukhomo, chinthu chimene sindinachionepo pa ukwati wina uliwonse. Atafika pamene ndinaima anali thukuta lokhalokha, akupuma wefuwefu. Anandiyang'ana kuyambira kuduku mpaka kumapazi.

"Masabata onse aja, mayi, munkamva chiyani?"

Anapereka ndodo kwa mnzanga wa ku Chipata, amene anailandira ndi manja awiri mawondo atapinda, ndipo anakoleka mkono wawo m'mkono mwanga, kulemera kwawo konse kuli pa ine.

"Pamene pamagunda ndodo, muziponda inu," anatero. "Tiyeni."

Tinayang'ana kutsogolo. Iwo anaponda, ine ndinaponda, ndipo tonse awiri tinadikira mwendo uja mpaka unafika.